Lilime la Mkuwa la a Pafupifupi

Alamu anga ankaphunzitsa masamu, ndipo ana asukulu anawapatsa dzina loti a Pafupifupi, chifukwa yankho lililonse ankaliyamba ndi mawu amenewo. Anakwatira mng'ono wanga pa 9 Ogasiti 1969, nakakhala m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yosindikizira mabuku.

Mng'ono wanga atadwala mu Marichi 1988, dokotala anati mankhwala aakulu ndi tulo. Koma makina a pansi akayamba, chitsulo chopyapyala chotchinga khonde chinkalira ng'ii, mpaka masupuni kuvina m'kabati. Wodwalayo ankangoyang'ana kudenga, maso gwa, akuonda.

Alamu anamwaza mchenga pachitsulocho. Ndinaona mchenga ukuyenda wokha, nkudzikonza m'mizere yokhotakhota ngati maluwa a pansalu. Anandiuza kuti chitsulo chilichonse chili ndi nyimbo zake, ndipo cholirachi chinkabweza phokoso kuchokera m'mphepete, uku ndi uku. Koma mphepete ikamapyapyala pang'onopang'ono mpaka kusongoka, kunjenjemerako kumayenda mochedwa, kuchedwerachedwera, osafika kunsonga. Chosafika sichibwerera.

Anawerengera kapendekedwe kake pakhoma ndi choko, kenaka anakhala pakhonde kupala kachidutswa ka mkuwa ndi tupa. Fumbi lake linkayandama padzuwa ngati golide. Mng'ono wanga ankawaseka ali pabedi, amvekere anakwatiwa ndi munthu wonola mpeni wopanda chodula.

Mkuwawo utasongoka ngati lilime, alamu anaumangirira m'mphepete mwa chitsulo chija pa 2 Meyi. Phokoso linachepa, koma silinathe. Alamu anavomereza kuti papepala nsonga imasongoka mpaka kalekale, koma tupa ali ndi polekezera. Mng'ono wanga anawauza kuti aimate pakamwa nsongayo ndi phula la kandulo, monga ankafunira kuwachita iwowo akayamba za masamu patebulo. Alamu anadonthezapo phula. Makina ankagundabe pansi, koma chitsulo chinangoti zii.

“Ndiye phokosolo lapita kuti, bambo a m'nyumba?” anafunsa, zikope zikulemera.

“Lili m'njira, mayi. Silinafike.”

“Pafupifupi,” anatero mng'ono wanga, nagona masana onse, pakamwa pali pululu ngati mwana.

Mng'ono wanga anakhala nafe mpaka pamene anatisiya pa 17 Novembala 1994. Osindikiza aja anasamuka kalekale, koma alamu sanachotse lilimelo. Ndikapita kukawaona ndimawapeza pakhonde, tsitsi lili mbuu, chala chili pamkuwa, mutu ataupendeketsa. Sindiwafunsa chimene akumvera. Ndimangokoka mpando, nkukhala nawo.