Tsiku Limene a Dora Anakhala Pakhonde

Ku Vinthukutu, kuseri kwa minda ya chinangwa, kuli bafa la miyala lomwe latsala lokha ngati dzino la nkhalamba. Analimangitsa mzungu wina wa esiteti ya thonje kalekale. Nyumba yake inagwa, njerwa anthu anagawana, koma bafalo palibe anayerekeza kulikhudza, poti aliyense amadziwa pakamwa pa a Dora Chakufwa.

Bambo awo ndiwo ankasonkhezera moto pamgolo wa madzi a mzunguyo. Mgolo wasinthidwa kangapo, koma paipi yolowetsa madzi otentha m'kati ikadali yomweyo. A Dora anasandutsa bafalo kukhala pothowera amayi ongobereka kumene. Amaviika nsalu m'madzi otentha n'kumasindikiza pamsana, m'chiuno ndi pamimba, mpaka thupi limasuke. Dzanja lawo ndi lolemera, lilime ndiye osanena, komatu amayi a kuderako sawatchula popanda kuwayamika. Mayi ameneyu ndi wosowa.

Lamulo lawo ndi limodzi. Wodzathowedwa azibwera ndi mayi ake kapena azakhali, atamusenzera nkhuni. Woperekezayo amakhala pakhonde ndi khanda, m'kati salowa, chifukwa chisoni chimamuchulukira n'kuyamba kusokoneza ntchito.

Chaka chatha kunabwera Zione, mkazi wa mphunzitsi Gordon, onse ochokera ku Mulanje. Mayi ake anamwalira kale, abale ali kutali. Atatuluka kuchipatala ndi mwana wake woyamba, thupi lonse linkangophwanya. Gordon, munthu wosadziwa za kuno, anamanga nkhuni panjinga n'kumuperekeza yekha.

"Aphunzitsi, kodi mayi ake ndinu?" anafunsa a Dora.

Gordon anangoti zyoli.  Zione anatembenuka kuti azipita, akukoka miyendo, misozi ili mbwembwembwe.

A Dora mtima unawapweteka. Kuphwanya lamulo sakanatha, poti anabwezapo ngakhale ana a abale awo enieni. Kumusiya mwana wa eni apite ndi ululu umenewo sakanathanso. Iwo Mulungu sanawapatse mwana, ndipo ana onse anawathowawo anali ndi amayi awo panja.

"Wera kuno, mwana wane," anamuitana m'chinenero cha kwawo kuti abwerere. Kenaka anapotolokera kwa Gordon. "Inu tsitsani nkhunizo kumsewu uko, mukandiitanire a Febby."

A Febby ndi mlamu wawo, yemwe a Dora akhala akumunyogodola zaka zonsezi kuti ali ndi manja a phala. Mmene ankafika anapeza a Dora akuchokera kumsewu, mtolo wa nkhuni uli pamutu.

"Lero muthowa ndinu, mlamu," anatero a Dora potula mtolowo. "Ine ndabwera ndi mwana wanga."

"Ine wa manja a phala ndemwe?"

"Njirani m'bafamo, musandichedwetsere mwana."

Madzi atatentha, a Febby analowa ndi Zione n'kutseka chitseko. A Dora anakhala pakhonde atafungata khanda. Apa m'pamene anadziwa kuti kukhala panja ndi ntchito yowawa kuposa kuthowa. Zione anabuula m'katimo. A Dora anadzuka, anafika mpaka pachitseko, n'kubwerera kudzakhalanso pansi akudzitukwana chamumtima.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka, nthunzi n'kutuluka. Zione anatuluka ali thukuta kamukamu, koma ataongoka. Anagwada pafupi ndi a Dora n'kutambasula manja.

"Amayi, ndipatseni ndimuyamwitse."

A Dora anamva bwinobwino, makutu awo amamva ndi miseche ya kutsidya la msewu yomwe. Koma khandalo anayamba aligwiritsa pachifuwa, maso atadzaza misozi.

"Wati bwanji, mwana wane? Bwereza, ine ndakalamba."