Chithunzi chomwe ndinatumiza osadula

Pepani anzanga pokuvutitsani. Ndikudziwa kuti pa tsamba langali mumayembekeza kuona galimoto, osati madandaulo a bambo wamkulu ngati ine. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndiye pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.

Kwa amene mwangoyamba kunditsatira, ndine Julius, ndimakhala m'munsi mwa Michesi kuno ku Phalombe. Mayi a kunyumba anamwalira kalekale. Chomwe ndili nacho ndi munda wa nandolo ndi Peugeot 404 ya pikapu yomwe malemu bambo ankanyamulira mpunga. Inakhala pa njerwa zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka ndinayamba kuikonza pang'onopang'ono.

Nditalowa m'gulu la pa intaneti la okonda magalimoto akale, zithunzi zanga zinkakana kulowa. Akuti zinali zazikulu kwambiri. Netiweki yathu mukuidziwa... kachizindikiro ka pa foni kamangozungulira mpaka bandulo kutha.

Ndi mmene ndinafikira ku situdiyo ya zithunzi pa Migowi, n'kukumana ndi mwini wake, Belita.

Anatenga foni yanga, n'kuyamba kuseka. Anandifunsa ngati ndimajambula galimoto kapena mudzi wonse, poti m'chithunzimo munali mbuzi, nkhokwe, ngakhale bafa la aneba. Anazilowetsa mu laputopu, nadula m'mbali, nazichepetsa. Zinalowa pomwepo.

Kuyambira pamenepo tsiku la msika silinkandiphonya. Anandiphunzitsa kudula ndi kuchepetsa ndekha pa foni, ndipo ndinamva bwinobwino, koma ndinkanamizira kuiwala.

"Lero mwabwera ndi chithunzi cha chiyani, a Julius? Cha nati?"

Chinalidi cha nati yomangira tayala.

Anzanga, pa msinkhu wanga sindinkayembekeza zimenezi. Belita anayamba kubwera kwathu Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Galimotoyo ankaitchula kuti mkazi mnzake. Anasoka nsalu ya pa mpando wa galimotoyo ndi manja ake, ndipo ndikamakwecha dzimbiri ankakhala pa tayala n'kumandinena kuti ndimapukuta chitsulo mwachikondi kuposa mmene ndimagwirira dzanja la munthu.

Ndinamulonjeza kuti galimotoyo ikatha, ndidzapita nayo kwa amalume ake ku Jenala kukafunsira mbeta, ndipo tsiku la ukwati adzakwera momwemo.

"Njinga nayonso imafika ku Jenala," anandiyankha choncho.

Ine ndinati adikire pang'ono. Penti inali isanathe, nyale imodzi yakumbuyo kunalibe. Sindimakonda kuoneka pa anthu ndi chinthu chosatha.

Tsiku lomwe ndinamaliza kupenta ndinaiyendetsa mpaka pa Migowi, n'kuiimika kutsogolo kwa situdiyo. Belita anatsamira chitseko cha situdiyoyo akumwetulira, ine n'kujambula. Kumbuyo kwake kunali chikwangwani cha situdiyo, dzina lake ndi nambala ya foni zikuoneka. Ndinadula zonsezo, kuchepetsa, n'kuika m'gulu galimoto yokha.

Anthu anayamikira kwambiri. Kenako a Elton a ku Limbe, omwe ali ndi magalimoto akale angapo ndipo m'gulumo amapatsidwa ulemu, anandilembera kumbali. Anati chithunzi chochepetsedwa chimabisa penti, ndiye ndiwatumizire chenichenicho aone ngati mtundu wake ndi wa ku fakitale.

Ndinasangalala kuti munthu wotero wandilembera. Ndinatumiza chathunthu, osadula.

Anayankha kuti penti ili bwino, n'kufunsa kuti mayi aimawo ndi ndani. Ndinasinkhasinkha. Kwa amalume ndinali ndisanafike, ndiye ndinaopa kutchula chinthu akuluakulu asanamve. Ndinangolemba kuti ndi amene amandithandiza zithunzi.

Pasanapite nthawi a Elton anabwera kudzaona galimoto, atanditengera nyale yakumbuyo ngati mphatso. Pobwerera anati akufuna kutsukitsa zithunzi. Ndinawaperekeza ndekha ku situdiyo!

Zotsatira zake mukhoza kuziganiza. Lamulungu Belita anayamba kutanganidwa. Ndikapita pa Migowi ndinkapeza potseka, oyandikana naye n'kumayang'ana kumbali. Tsiku lina ndinamupeza, ndipo sanandibisire. Anati a Elton anamuonetsa zomwe ndinalemba zija, ndipo anthu awo afika kale ku Jenala.

Ndinamuuza kuti nyale ndaika, galimoto yatha, tikhoza kupita ngakhale mawa.

"Sindikudana nanu, a Julius," anatero mosakweza mawu. "Koma mvula inagwa, inasiya, inagwanso, ine ndikudikira. Atakufunsani kuti ndine ndani, munati ndine wa zithunzi. Ndiye ndakhala wa zithunzi."

Ndinakwera galimoto yanga yokongolayo n'kubwerera kunyumba.

Tsopano chomwe ndakulemberani ndi ichi. Ukwati wawo uliko Loweruka likubwerali ku Jenala. A Elton alemba m'gulu muja, poyera, kupempha kuti mkwatibwi adzanyamulidwe pa Peugeot yanga poti ndi yomwe inawakumanitsa. Mamembala akuombera m'manja, ena akuti a Julius musatichititse manyazi. Sakudziwa kanthu.

Ndinkati ndingokhala chete. Koma dzulo Belita anandiimbira foni yekha.

"Mukakana ndimvetsa," anatero. "Kungoti mpando uja ndinasoka ine... ndimafuna ndikhalepo tsiku langa."

Anzanga, pikapu ili ndi mpando umodzi. Ndipo galimoto imeneyi sindipatsa munthu wina kuyendetsa. Ndikavomera, adzakhala pambali panga atavala velo, ine ndikumupititsa kwa mwamuna wina. Ndikakana, basi, ukwati ukatha akusamukira ku Limbe ndipo sindikuona kuti ndidzamuonanso.

Kubwerera kwa ine sabwerera, zimenezo ndavomereza. Koma chakudya chikundikanika, ndipo m'mawa uno ndadzipeza ndikutsuka galimoto osadziwa kuti ndikuitsukira chiyani.

Andiuza kuti ndiwayankhe Lachinayi kuti apeze ina ngati ndakana. Chonde, amene mwawerenga mpaka pano, ndiuzeni lisanafike tsiku limenelo: ndipite nayo, kapena ndiitsekere?