Mbaula ya Apongozi a Asumani

Asumani wa ku Milepa wakhala akumanga mbaula za njerwa zokhala ndi chumuni kwa zaka naini, ndipo palibe imene inamuchititsapo manyazi kupatula ya apongozi ake, a Binti. Ine ndimayandikana nawo nyumba, ndiye utsi wake ndinaupuma nawo.

Miyezi yoyamba inkayaka bwino. Pofika Juni, chiperoni chitagwa, moto unayamba kufooka, madzi osawira, utsi kumangobwerera m'khitchini. Tsono mkazi wa Asumani, Zuwena, akapita kukagulitsa tomato ku Namadzi, khanda lawo Ruqaiya linkatsala m'khitchinimo ndi agogo ake. Linayamba kutsokomola, pachifuwa pakulira ngati wezulo. Kuchipatala ananeneratu kuti mwanayo atalikirane ndi utsi.

Asumani anakwera padenga n'kutokosa chumuni ndi nsungwi, koma munalibe kanthu. Anabweretsa nkhuni za bulugamu zouma gwa, utsi uli pomwepo. Kunatsala kuyang'ana m'kati, koma kwathu kuno mkamwini salowa m'khitchini mwa apongozi, ngakhale kuphana nawo maso. Zimandipsetsa mtima mpaka lero: munthu wodziwa ntchito kumangozungulira panja ngati nkhuku yosowa poikira!

Lachisanu lina akuchokera kumzikiti, Asumani anamva mwana akubanika m'khitchinimo. Anavula nsapato n'kulowa. A Binti anatembenukira kukhoma.

"Pepani amayi, ndalakwa. Tulukani naye mwanayu," anatero Asumani.

Anazimitsa moto, nagwada n'kupisa dzanja pakhosi pa mbaula, pomwe utsi umalowera m'chumuni. Pomanga anasiya mpata wolowa chibakera, koma tsopano pankangolowa zala ziwiri. Atagogoda ndi chikwanje, dothi lakuda linagwa losanjikizana ngati masamba a kabichi. A Binti ndi mayi waukhondo: sabata iliyonse akamazira pansi ankaziranso mbaula, mpaka m'kati momwe.

Atakolezanso, moto unati lawilawi, utsi n'kuthamangira kumwamba.

Nanga akanawauza bwanji kuti ukhondo wawo ndiwo ukutsamwitsa mdzukulu? Anatolera zidutswazo kuti akataye mwakachetechete.

"Mwina ndinamanga mopanikiza," anatero akuyang'ana pansi.

A Binti anali pakhomo, mwana kumsana, maso pa dothi lija. Ankalidziwa bwino, poti ankakalikumba okha kudambo. Ine ndinali chapafupi pabwalo, ndipo ndinawamvera chisoni.

"Bambo a Ruqaiya," anatero, akumuyang'ana kumaso koyamba chikwatirireni mwana wawo, "musandinamize. Dzanja lozira dothi limenelo ndi langa."