Dzina la Pakolala

Jekete lija linali la khaki, lolemera ngati bulangeti lonyowa, lonunkha fodya ndi palafini. Mkati mwa kolala munali kansalu kosokedwa ndi ulusi wofiira: Fletcher. Ndilo dzina lathu. Malume ankalitchula kuti Fulecha. Jeketelo linkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko ku Berea, ku Joni, m'chipinda chimene tinkagonamo atatu, iwo, amayi ndi ine, titatchinga katani pakati.

Chisanu cha 2011 chinali choluma zala. Loweruka lililonse malume ankavala jeketelo n'kunditenga kupita ku Park Station, pafupi ndi pamene pamatsikira mabasi a ku Malawi. Ine, kunena zoona, ndinkatsatira mandasi. Iwo ankatsatira imvi. Akaona wachikulire akutsika, ankavula chipewa, kupereka moni, kenako funso lomwe lija: kodi kwanuko simunamvepo za mnyamata wa chipsera pachibwano amene anapita ku Halale osabwerera? Anthuwo ankafunsa dzina. Malume akati Fulecha, ankangopukusa mutu mwaulemu n'kunyamula zikwama zawo.

Mnyamatayo anali agogo, bambo awo a malume ndi amayi. Awiriwa anabadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe, ku Malawi sanapondeko. Chaka chimenecho malume ankatsokomola kwambiri, ndipo ankafuna kudziwa mudzi woti adzaikidwe. Amayi ankawauza kuti achimwene, mukungotha nsapato.

Nthawi yomweyo aphunzitsi anatituma kuti aliyense afufuze chiyambi cha dzina la kwawo. Anzanga a Chizulu, eee, ankangoimirira n'kulakatula mayina a makolo awo mpaka mpweya kuwathera. Ine aphunzitsi anandikhazika pakompyuta. Tinapeza kuti ku Mangalande kalekale anthu wamba analibe mayina a banja, ambiri ankadziwika ndi ntchito zawo, ntchitoyo n'kusanduka dzina la ana ndi adzukulu. Fletcher anali wopanga mivi, uja womata nthenga kumchira kuti muvi uuluke mowongoka. Mawuwo anachita kuwoloka nyanja kuchokera ku Falansa.

Ndinathamanga njira yonse, chifuwa chili patsogolo. Ife ndi anthu a mivi! Amayi anangoti ndikasambe m'manja. Malume anandikhazika pabedi, nati ndibwereze pang'onopang'ono. Nditamaliza anatsitsa jekete pamsomali n'kundiuza kuti agogo anafika pafamu muja nthawi yachisanu alibe chofunda, mzungu mwini famu n'kuwaponyera jekete lake lakale. Anzawo anayamba kuwaitana ndi dzina la pakolala, mocheza chabe. Linakakamira. Anakwatira nalo, anabereka nalo, n'kumwalira malume akadali mwana, dzina lenileni lisanatchulidwe pamaso pa ana.

"Ndiye eni dzinawa akudziwa za kwawo mpaka nthenga," anatero malume, chala chili pa ulusi wofiira uja. "Kawafunse aphunzitsi ngati makina awowo amadziwanso midzi."

Ndinakafunsadi. Aphunzitsi anavomera ndi mtima wonse, nandifunsa dzina loti alembe. Ndinati Fletcher. Inatulukanso mivi ija.

Lero ndikakumbukira, chifundo chimandigwira. Malume anandithokoza, nati ndagwira ntchito. Ku Park Station anapitanso Loweruka lotsatira, koma sanafunse aliyense. Anangoima manja ali m'matumba, kuyang'ana anthu akutsika, kenako anandigulira mandasi awiri m'malo mwa limodzi. Chisanu chinacho tinawaika konkuno ku Joni, pamtanda pali dzina la mzungu wa famu.

Kusukulu ndinapatsidwa nyenyezi yagolide chifukwa mbiri ya dzina langa inapita kutali kuposa ya wina aliyense. Ndinaimata pachitseko, pafupi ndi jekete. Malume ankaiyang'ana nthawi yaitali asanatuluke, ine n'kumati akunyadira.