Dzina la Mwana Ndinakalitengela pa Windo

Ndinanyamuka ku Ndake dzuwa litangotuluka, pa njinga yamoto ya K40, mkazi wanga akukuwa pakhomo kuti ndisayelekeze kubwela ndekha. Mwana wathu anali atatha sabata ziwili wopanda dzina. Kwathu mwana woyamba amamutcha dzina ndi amalume a bambo ake, atamunyamula m'manja, ndipo amalume anga aTembo amakhala ku nyumba yosungilako nkhalamba ku Petauke. Kumeneko kunagwa chifuwa chopatsilana, chipata n'kutsekedwa kwa masiku khumi. Koma tsopano meseji ya anesi inali m'foni mwanga: "Masiku khumi akwana mailo." Akwana! Basi, ndikawatenge mdala.

Pa Nyimba ndinafika 8 koloko. Kondakitala wa minibasi ya ku Petauke anandilanda K80, nalumbila kuti tikunyamuka manje manje. Manje manje wakeyo anatha ola lathunthu, mpaka ndinadya theka la nthochi zimene ndinagulila amalume. Pambali panga panakhala amai ena onyamula ndowa ya chikanda, amafunso ngati apolisi. Nditawaonetsa meseji ija, anaiyang'ana kawili.

"Mailo wake uti, bambo? Wa dzulo wapita uja kapena wa mawa akubwelayu?"

"Amai, ine sukulu ndinapitako," ndinatelo. Anangoti "Ohoo," n'kuyang'ana kunja.

Titadutsa pa Minga, mkulu wina kumbuyo anayetsemula kamodzi kokha. Mawindo onse tsegu! Ngakhale lija limene kondakitala ankati linafa kalekale linatseguka.

Ku Petauke tinafika masana, dzuwa likuswa mutu. Chipata ndinachipeza chili chitsekele. Anesi aBanda anatuluka atavala kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno.

"Bambo, ndinalemba kuti mailo."

"Eya, mailo. Ndiye lelo ndabwela."

"Mailo amene sanafike!"

Kalanga ine! Amai achikanda aja akanakhalapo ndikanalowa pansi. Ndinayesa nzelu zina: ndinati ndine mkulu wa mpingo, ndadzapemphelela odwala. Anesi anati ndipemphele pomwepo, Mulungu makutu ake ngabwino. Nditawauza zoona za mwana, nthabwala zinatha.

"Khanda la sabata ziwili? Ndiye ngakhale mailo musawatenge. Inu anyamata chifuwa chotele mumaleka kupatsa ena pakapita masiku ochepa. Nkhalamba thupi limachedwa kuchotsa kachilombo. Munthu amaoneka wachila, akudya, akutukwana bwinobwino, koma akupatsabe anzake. Ena zimapitilila masabata. Ndipo amalume anu ndiwo anamalizila kudwala."

Ndinatsanzika mwaulemu kwambili, n'kuzungulila kuseli. Mpanda wakumeneko ndi wa zitsamba, ndipo ine ndinakulila kuba magwafa. Thalauzi inang'ambika, koma ndinalowa. Pa windo lachitatu ndinaona mutu wa mbuu uja.

"Amalume!"

"Ima pomwepo, chitsilu iwe!" Mawu anali amphamvu, koma munthuyo anali atatha, kolala ya shati ikulendewela. "Ukufuna unyamule chifuwa changa ukapatse mdzukulu wanga? Bwelela m'mbuyo. Kufika pa mtengo wa papayapo."

Ndinabwelela. Ndinawauza kuti tidikila, kaya mwezi, adzamunyamule okha monga mwa mwambo. Anakhosomola nthawi yaitali, ine ndikungoyang'ana, osatha ngakhale kuwasisita pamsana.

"Mwezi? Usandiwelengele masiku ngati ndine mnyamata. Mwana asagonenso wopanda dzina chifukwa cha ine. Kamutche Yotamu."

"Koma limenelo ndi lanu, amalume."

"Ndi langa, eya. Ndalivala zaka zambili, silinang'ambike. Ine ndatsala pang'ono kumaliza nalo."

Anesi anandipeza pomwepo. Sanakalipe. Ananditulutsila pa chipata, nthochi zotsala n'kulandila iwo.

Pobwelela ndinakwela minibasi ya 3 koloko. Ine wapakamwa ngati ine! Ndinalila, osabisa, kondakitala mpaka anasiya kundiyang'ana. Chibadwile sindinasiyanepo ndi amalume osawagwila chanza, ndipo ndinazindikila kuti tsiku limenelo kundithamangitsa kunali kundikonda.

Ndinafika ku Ndake dzuwa likupendeka. Ndinasamba kaye, kusintha zovala, kenako ndinamunyamula mwana. Ndinamuitana dzina lija, ndipo lilime linandilemela, chifukwa moyo wanga wonse ndinali ndisanalitchulepo.