Supamaketi ya Achimwene Itaikidwa pa Pepala

Za maakaunti ndinaphunzira miyezi isanu ndi umodzi yokha, ku Zomba, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu, koma pobwerera ku Mangochi ndinkayenda ngati banki ndi ya bambo anga. Ndinali ndi cholembera chofiira, rula ndi buku la mizere. Ntchito ndiye kunalibe. Tsono achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, atatumiza uthenga woti ndikawalembere pepala la chuma chawo, diresi ndinaisita kawiri.

Achimwene anakwatira njira ya ku Chowe ndipo ankakhala chikamwini kwawo kwa alamu. Kumeneko, m'mbali mwa msewu, anali ndi golosale imene iwo ankaitcha supamaketi, chifukwa wogula ankaloledwa kulowa mpaka kumashelefu n'kutola yekha sopo. Ukangoti golosale, ankakuyankha ndi msana. Zinali zaka zija anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza madera athu. Ogula analipo ambiri, koma mpamba unali utatha, moti pamashelefu panali malo oti nkhuku n'kuikirapo mazira. Apongozi awo aakazi anali atanena kale, anthu akumva, kuti sitolo ikatsekedwa khasu lilipo ndipo munda wa mtedza ukudikira. Khasu limenelo achimwene ankaliopa kuposa imfa. Si ulesi ayi, munthu anagwirapo ntchito m'migodi ku Joni ameneyo. Chimene sankafuna n'choti mudzi wonse uwaone atawerama m'munda wa apongozi ngati kamkamwini kadzulodzulo, imvi zitayamba kale. Sitoloyo ndiyo inkawachititsa kukhala bambo pamudzi wa eni ake.

Chipulumutso chawo chinali mayi wina wa ku Mozambiki, wogulitsa zitenje ndi usipa wouma pamsika wa paboma. Anafika kuno ndi mtolo umodzi pamutu, koma patangotha zaka zitatu anthu ankanong'onezana kuti kansalu kamene amamanga m'chiuno n'kolemera kuposa thumba la mchere. Mayiyu anavomera kuika ndalama m'sitolomo kuti phindu azigawana, koma anati ayambe waona chimene akulowamo.

"Ndiye iwe ulembe zonse," anatero achimwene. "Adziwe kuti sakupangana ndi mmphawi."

Ndinawafotokozera monga mmene anandiphunzitsira, mawu ndikuchita kuwatafuna. Pa balansi shiti, lomwe ndi pepala la chumalo, katundu wa bizinesi amagawidwa pawiri. Pali wongodutsa, monga shuga, sopo ndi machesi, wolowa lero n'kutuluka mawa. Ndiye pali wokhazikika, amene sugulitsa koma umagwira naye ntchito zaka ndi zaka: nyumba, mashelefu, sikelo, firiji. Woika ndalama amayang'anitsitsa wachiwiriyu, chifukwa zinthu zikavuta ndi amene amatsala.

"Ndiye undilembe inenso," anatero. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pakauntala pano. Amandichotsapo ndi maliro okha."

Ndinakana. Anadandaula kuti sukulu ikuwononga ana, koma anazisiya.

Nkhondo yeniyeni inabuka pa firiji. Inali ya parafini, yoyera kale, chitseko chake chomangidwa ndi mphira wa chubu. Nditanena kuti mtengo wake tiyenera kumauchotsera pang'ono chaka chilichonse chifukwa chinthu chimakalamba, achimwene anadzambatuka.

"Kukalamba? Tagwira botolo ili! Likuzizira kapena ayi?"

Linkazizira ndithu.

"Nanga yatsopano paboma akugulitsa bwanji lero? Si kawiri mtengo wakale? Shuga akukwera, parafini akukwera, matola akukwera, firiji yanga yokha ndiyo izitsika? Anakuphunzitsa ndani zopusazi?"

Ndivomere kuti funso limenelo limandisowetsabe mtendere mpaka lero. Koma ndine wamakani ngati iwo omwe. Atapita kukaswali kumzikiti ndinachotserabe, n'kulemba mzere wofiira pansi pake, wowongoka bwino. Tinakhala masiku awiri osalankhulana, tikudyera mbale imodzi.

Chinthu chimodzi chokha sindinafunse, ine wa rula ndi cholembera chofiira: kuti zinthuzo ndi za yani. Ndinkangoloza, achimwene n'kutchula mtengo, ine n'kulemba. M'zitsanzo za ku Zomba mwini sitolo ankakhala mwini chilichonse, ndipo m'buku lathu munalibe mkamwini.

Mayi uja anabwera Loweruka m'mawa, atakwera lole ya chimanga. Anali wamfupi, wouma thupi, wovala patapata wa mitundu iwiri. Achimwene anali atavala mkanjo wawo wopitira kumzikiti pa Ijumaa, ndipo mashelefu anali atawadzaza ndi makatoni opanda kanthu. Alamu, mkazi wofatsa amene mawu ake sankamveka kawirikawiri, anayala mkeka pakhonde n'kubweretsa tiyi. Titapatsana moni, ndinapereka pepala ndi manja awiri. Mayiyo sanalilandire.

"Zilembo ndi ine sitidziwana, mwana wanga. Iwe uziwerenga, ine ndizigwira."

Ndinakonza kukhosi. "Nyumba ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata."

Ananyamuka, anazungulira nyumba yonse, anamenya ngodya imodzi ndi chidendene, n'kubwerera. Koma sanayang'ane achimwene. Anatembenukira kwa alamu.

"Mwana wanga, pansi pano mpa yani?"

"Mpa amayi anga," anatero alamu, akuthira tiyi.

"Njerwazi?"

"Dothi n'la pachulu cha amayi. Anaumba ndi alongo anga."

"Malata ndinagula ine!" anakuwa achimwene. "Ndalama za ku Joni, thukuta langa, walahi!"

"Ndamva, bambo, ndipo ndi malata abwino. Nanga eni zipupa akadzati tipatseni zipupa zathu, malatawo mudzawakoleka pati? Kwathu n'chimodzimodzi, musaganize kuti malire aja anasintha mwambo. Fufuta, mwana wanga."

Ndinafufuta. Mzere umenewo sunawongoke.

Mashelefu anali a matabwa a mbawa imene anadula apongozi aamuna, ndipo anali okhomeredwa kuchipupa cha eni ake chomwecho. Ndinafufuta. Kauntala anapanga mlongo wawo wa alamu, ndipo anali asanalipidwe. Ndinafufuta. Sikelo inali ya apongozi aakazi, yoyezera mtedza, ndipo nthawi yokolola ankabwera kudzaitenga, shuga n'kumagulitsidwa ndi kapu. Mayi uja ankagwira chinthu chilichonse, kuchigwedeza, kuchinunkhiza kumene, kenako n'kuyang'ana alamu. Anagogodanso katoni imodzi ya pashelefu, inalira ngati ng'oma. Achimwene anali atavula kofiya n'kumadzikupiza nayo.

"Firiji ya parafini," ndinawerenga, ndipo apa mtima unakhala pansi, poti chinthu chimene munthu anachimenyera nkhondo chotero sichingakhale cha wina.

"Ndi ya atsibweni anga a ku Monkey Bay," anatero alamu. "Anaisungitsa kuno atagula ya magetsi."

Abale inu! Masiku awiri osalankhulana, chifukwa cha ukalamba wa firiji ya eni! Ulemu ndinauiwala, mlendo ndinamuiwala.

"Achimwene, bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

Sindinawafunsedi. Ndipo pano ndiwaikire kumbuyo, chifukwa sankanama. Kumudzi chinthu ukakhala nacho zaka zambiri, ukuchipukuta, ukuchikonzetsa ndi ndalama zako, umachitcha chako ndipo palibe amene amakutsutsa. Eni ake amangokhala chete mpaka tsiku la mkangano. Wolakwa ndinali ine, amene ndinatenga mawu a pakhonde n'kuwaika m'mizere.

Panatsala chinthu chimodzi, chimene ndinachilemba pansi penipeni chifukwa mtengo wake unali wochititsa manyazi.

"Njinga yonyamulira katundu."

Tonse tinayang'ana alamu. Anaika tipoti pansi.

"Imeneyo ndi yawo."

Achimwene anapumira m'mwamba ngati munthu amene waphonyedwa ndi galimoto. Mayi uja anapita pamene inatsamira, anainyamula kumbuyo, anazungulitsa tayala, n'kumvetsera kulira kwa tcheni.

"Ichi ndiye chuma," anatero. "Ichi chimathawa nawe."

Ine ndinayamba kumufotokozera kuti ayi amayi, pa maakaunti nyumba ndiyo imakhala pamwamba chifukwa zinthu zikavuta imatsala, njinga ndi kanthu kakang'ono. Anandiyang'ana mpaka ndinasiya.

"Mwana wanga, ine ndinali ndi sitolo ya zitseko zitatu. Pansi pa simenti. Mashelefu ofika kudenga, firiji ziwiri, zanga zenizeni, zosabwereka. Tsiku limene mfuti zinalira kumsika ndinanyamula mwana ndi mutu wa makina osokera. Zina zonsezo, zimene ukuti zimatsala, zinatsaladi. Akuti pakati pa sitoloyo pamera mtengo."

Alamu anamuwonjezera tiyi.

Atamwa, anapukuta pakamwa n'kunena zimene anabwerera. Ndalama aika, chifukwa malowo ndi abwino ndipo anthu akudutsa. Koma apangana ndi mwini zipupa, chifukwa iye anathawapo kale kamodzi ndipo safuna kudzathamangitsidwa limodzi ndi mkamwini wa eni. Anamasula kansalu ka m'chiuno kaja n'kuwerengera ndalama pachitenje cha alamu.

"Bambowa ndi njinga yawo azikatenga katundu paboma. Tiziwalipira pamwezi, asadandaule."

Alamu anati ayenera kufunsa kaye amayi awo, koma ndinaona kuti akubisa kumwetulira ndi mpango, ndipo ndalamazo anali atazipinda kale. Khasu achimwene analipulumuka. Supamaketi inatsala ili chitsegukire, ndipo miyezi yotsatira makatoni aja anadzaza zenizeni. Kungoti sinalinso yawo, ndipo pepala langa linasonyeza kuti sinakhalepo yawo.

Masana a Loweruka lomwelo achimwene anandiperekeza kumsewu waukulu, akukankha njinga. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale, atatu. Tinadutsa mzikiti, tinadutsa chigayo. Pafupi ndi mtengo wa mango pamene tinkadikirira matola anaima.

"Achemwali."

Ndinacheuka kuona ngati pali wina kumbuyo. Chibadwire changa ankangonditi iwe.

"Kwathu kuja, malo a mayi athu ndi anu, inu ndi ang'ono anu. Ine ndimangobwera kudzaweruza milandu yanu n'kubwerera. Kuno mwaona nokha. Zikadzavuta, mudzandipatsako pomanga kanyumba?"

Mayankho anga atatu aja anasungunuka. Uyu ndi munthu amene anatilera bambo atamwalira, amene sanandilole kupita kusukulu wopanda nsapato, ndipo anaima pamsewu atavala mkanjo wa pa Ijumaa akupempha malo kwa mwana amene anamubereka kumsana. Ndinachita manyazi ndi cholembera changa.

"Achimwene, mukufunsiranji zimenezo? Si kwanu komwe kuja?"

"Kunonso ndinkati nkwathu. Lembani."

Ndinatembenuza pepala lofufutidwa lija, ndinaliika pachishalo cha njinga, n'kulemba kuti achimwene anga ali ndi malo omanga nyumba pamudzi pa mayi athu, kumtunda kwa chitsime, ndipo nyumbayo idzakhala yawo, zipupa ndi malata omwe. Anandiuza kuti ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga. Anati ndiwonjezerepo kuti ndi pansi pomwe. Ndinawonjezera, n'kusainira. Analipinda kanayi n'kuliika m'kofiya.

Matola sanabwere. Anandiuza kuti ndikwere pakaliyala andifikitse pamlatho wolowera paboma, koma ndikhale bwinobwino, ndisamagwedezeke, chifukwa njinga yawo ndi imodzi yomweyi.