Mawu Otsiriza a Mzere

A Telala akhala akusoka pakhonde la sitolo ya nsapato kuyambira tsitsi lawo lisanachite imvi. Si munthu wolankhulalankhula. Kunyumba kwawo wolongolola anali akazi awo, mayi woti ankatha kukangana ndi wailesi tsiku lonse osatopa. Ndiye matenda a sitiroko atawagwira mayiwo n'kuwapha dzanja limodzi ndi kuwalanda mawu, m'nyumba munangoti zii, ndipo a Telala anayamba kudana ngakhale ndi kulira kwa makina awo omwe.

Kuchipatala, kuseri kwa kochapira zovala, kunali kachipinda komwe mayi wina ankathandiza odwala ndi gitala. Ankaimba mzere wa nyimbo imene wodwala akuidziwa, n'kusiya mawu otsiriza, n'kudikira. Osanong'oneza, osathandiza, kungodikira basi dzanja lili pa zingwe. Akazi a a Telala ankalimbana, milomo ikunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpaka mawuwo atuluke okha. Tsiku limene anatulutsa mawu oti "kwathu", a Telala anathawira kuchimbudzi kukalira.

Kachipindako kankayenda ndi thandizo lochokera kumwambo wopereka mphoto kwa oimba. Chaka chimenecho kunabwera mayi wofalitsa nkhani za mwambowo, amene odwala anamutcha Madamu a Foni Ziwiri. Anangoonerera kamodzi, basi mtima unamudumpha.

"Bambo, amayiwa adzaimbe pamwambo wathu," anatero Madamu. "Anthu akalira, m'matumba amapisa."

"Koma amafunika kuwadikira," anayankha a Telala. "Mukawafulumizitsa amangotsekeka."

"Musadandaule inu, zonse tazikonza."

A Telala anafunsa akazi awo, ndipo mayiwo anawafinya dzanja mwamphamvu kuvomera. Ankafunitsitsa kuti anthu amene ankawalankhula ngati mwana, kapena kuwadutsa ngati mpando, amve kuti akadalipo. A Telala anawasokera diresi yobiriwira ya mabatani akuluakulu kutsogolo, kuti azitha kumanga okha ndi dzanja limodzi.

Tsiku la mwambo anauzidwa kuti mayi wa gitala akhala pansi ndi anthu. Nkhope yake, eti, siigulitsa matikiti. M'malo mwake anaika woimba wotchuka, wa mawu okoma ndithu, amene anafotokozeredwa zochita akudzoledwa paudala. A Telala anaimikidwa kuseri kwa katani, pambali pa Madamu.

Woimbayo anaimba mzere woyamba n'kusiya monga anamuuzira. Muholo munangoti zii. Akazi a a Telala, atakhala pambali pa woimbayo, anakoka mpweya, milomo n'kuyamba kupanga mawu. A Telala ankaidziwa milomo imeneyo, ndipo anaona kuti mawu ali pafupi.

"Chete wachuluka," ananong'oneza Madamu pa kamaikolofoni kake. "Muuzeni amalize."

Woimba anamaliza yekha, mokweza, mokokera bwinobwino, holo yonse n'kuwomba m'manja. Mzere wachiwiri chimodzimodzi.

"Mayi, chonde, adikireni pang'ono," anatero a Telala atagwira mkono wa Madamu.

"Bambo, tili pa kanema. Anthu asintha tchanelo."

Pa mzere wachitatu mayiwo sanakokenso mpweya. Anatseka pakamwa n'kuyang'ana pamiyendo pawo. Woimba anagwada n'kuwakumbatira, makamera ali phethiphethi, ndipo azimayi a m'mipando yakutsogolo anapukuta misozi mosamala kuti asawononge zodzola.

"Zatheka, bambo! Mwaona mmene anthu alirira?" anatero Madamu, foni imodzi ili kale kukhutu.

A Telala anakwiya kwambiri, koma chimene chinatuluka pakamwa pawo ndi "zikomo". Mpaka lero mawu amenewo amawawawa. Mawa lake chithunzi chinafalikira paliponse, pansi pake atalemba kuti nyimbo zawabwezera mayi mawu awo. Makasitomala ankabwera pakhonde paja kudzawayamikira, iwo n'kumangopondaponda makina osadzutsa mutu.

Sabata yotsatira anawaperekeza akazi awo kukachipinda kaja. Mayi wa gitala anaimba mzere wa masiku onse, n'kusiya mawu otsiriza, n'kudikira. Anadikira mpaka makina ochapira a kuseri anamaliza kuzungulira. Akazi a a Telala sanayese n'komwe. Anangotukula dzanja lawo labwino lija n'kuloza a Telala kuti amalize ndi iwo.